Fumbi la Mumgodi: Kuchokera ku Wankie Kufika ku Malindi

Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie No. 2 ku Rhodesia, komwe lero ndi ku Hwange m'dziko la Zimbabwe, unaphulika n'kupha anthu 427. Mwa iwo munali Amalawi oposa 30. Choyamba kuyaka chinali mpweya wa methane, koma chimene chinafalitsa moto m'ngalande za pansi ndi fumbi la malasha.

Masamu oyendetsera mpweya mumgodi analipo kale. Mu 1854 John Atkinson wa ku England anasonyeza kuti ngalande ikatalika, ikapanikizika kapena ikakhala ya makoma okhakhala, mpweya umayenda movutikira. Vuto linali lakuti mgodi uli ndi ngalande mazanamazana zolumikizana, ndipo kutseka chitseko chimodzi kumasintha mpweya kwina konse. Njira ya Hardy Cross ya mu 1936, imene anaikonzera mapaipi a madzi, inathandiza kuwerengera zimenezi mobwerezabwereza mpaka manambala atagwirizana, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ntchitoyi inayamba kuchitika pa kompyuta. Lero mapulogalamu ngati Ventsim amaonetsa pamene methane angaunjikane ndiponso chimene chingachitike fani yaikulu itazima. Komabe kompyuta imangoyankha malinga ndi zimene yauzidwa. Siyiwaza ufa wa miyala ya laimu umene umaletsa fumbi la malasha kuphulika, ndipo siyithira madzi pobowola mwala.

Fumbi lomwelo limaphanso mwakachetechete, ndipo mbali imeneyi ndiyo inafika kunyanja. Kwa zaka zambiri amuna a ku Mangochi, monga a m'maboma ena, ankapita kumigodi ya ku Rhodesia ndi ku South Africa, ena paokha, ena kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake anthu ankaitcha Theba. Boma linaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Unayambiranso, kenako unatha mu 1988 pa mkangano woyeza HIV. Ambiri ankakumba golide, kumene fumbi la silica limaumitsa mapapo ndi kuonjezera chiopsezo cha TB, ngakhale munthu atasiya ntchito kalekale.

Bambo wa zaka 70 akafika pa chipatala cha St Martin's ku Malindi akutsokomola ndi kubanika, amayezedwa makhololo, ndipo n'koyenera kutero. Koma GeneXpert ikapanda kupeza TB, zipsera za fumbi pa chithunzi cha pachifuwa zimatha kusokeretsa, munthu n'kumwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osapeza bwino. Mafunso amene kawirikawiri safunsidwa ndi achidule: munagwirako mumgodi? Uti, zaka zingati, pansi kapena pamwamba?

Yankho lake lili ndi ndalama mkati. Thumba la Tshiamiso Trust limalipira odwala silicosis kapena TB amene anagwira m'migodi ina ya golide ya ku South Africa pakati pa 1965 ndi 2019. Amene anakumba malasha ku Wankie, kapena akukumba lero ku Mchenga m'boma la Rumphi, m'thumbali mulibe dzina lawo.