Tiki ya ku Chipatala

Zipatala zisanafike m'dziko lino, munthu wosauka akagwidwa ndi nthenda sankayamba wawerenga chuma chake, pakuti sing'anga wa m'mudzi, amene ankadziwa bwino lomwe nkhokwe ya banja lililonse ndi khola lake, ankangolandira chipondamthengo, kamphatso komupepesa minga ndi mame a kutchire kumene akakumbe mitsitsi, ndipo nkhuku kapena mbuzi ya malipiro enieni inkadikira kufikira wodwalayo atadzuka pamphasa. Ngongole yotere inali ya mbumba yonse, ndipo mwinimbumba ndiye ankaisenza. Chotero funso lakuti wodwala ali pa ntchito kapena ndi lova silinkamveka n'komwe.

Amishoni ndiwo anadza ndi mankhwala a m'botolo ndi mpeni wa dokotala. Dr Robert Laws anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo chaka chotsatira anachita opaleshoni atamugoneka wodwala tulo ndi chloroform. Ku Blantyre, Dr Neil Macvicar anaphunzitsa anyamata a kuno ntchito yothandiza dokotala, mmodzi wa iwo ndiye John Gray Kufa, amene boma linadzamupha mu 1915 chifukwa cha nkhondo ya Chilembwe. Ndipo mu 1911 chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa ku Livingstonia. Koma popeza zopereka za mipingo ya kutsidya kwa nyanja sizinkakwana, ndiponso popeza amishoni ambiri ankakhulupirira kuti chinthu cholandira chabe munthu sachilemekeza, wodwala ankapemphedwa kanthu, kaya mazira, kaya mtolo wa nkhuni, kaya lichero la chimanga. Boma la atsamunda, limene msonkho wake wa nyumba sunkaphonya mudzi ndi umodzi womwe, linkasunga madokotala ake owerengeka pafupi ndi azungu, asilikali ndi antchito ake. Ndipo sikunama kunena kuti amuna ambiri a kumudzi anayamba kupimidwa pachifuwa ndi dokotala tsiku limene anakalembetsa ulendo wa ku Joni kwa a Wenela, pamene wopimayo ankafuna kudziwa ngati thupilo lingapirire mgodi.

Komabe pofika masiku a chitaganya, pamene chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu a ku Blantyre amachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, munthu wakuda ankalandira mankhwala ku chipatala cha boma wosatulutsa khobidi. Tsono taonani chimene chinachitika ufulu utangobadwa pa 6 July 1964. Dr Kamuzu Banda, poona kuti thumba la boma linali lopanda kanthu ndi kuti dziko linkayendera thandizo la ku Britain, analamula kuti yense wobwera kudzalandira mankhwala azilipira tiki, ndiwo mapeni atatu. Ndipo chozizwitsa n'chakuti wolamulayo anali sing'anga amene anagwirapo ntchito ku London m'zaka zimene anthu a ku Britain, kuyambira 1948, anayamba kuonana ndi dokotala kwaulere. Kwa kalaliki wa ku Zomba tiki inali yaing'ono. Kwa mayi wa kumudzi, amene ndalama ankaiona kamodzi pachaka akagulitsa mtedza, ndipo mwana wake malungo ankamugwira kangapo dzinja limodzi, inali mpanda womutsekera kunja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, anatero akale, ndipo anthu sanachedwe kufunsa aphungu awo ngati uwu ndiwo ufulu umene anaumangidwira mu 1959.

Nduna zinamva kulirako. Kumapeto kwa August zinasonkhana ku Ku Chawe, pa phiri la Zomba, n'kulemba madandaulo awo, ndipo pakati pa nkhani zikuluzikulu, monga ubale ndi Apwitikizi, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi lipoti la Skinner lokhudza malipiro a antchito a boma, panakhalanso katiki kaja. Pa 7 September Dr Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo, ndipo Masauko Chipembere, atabwerako ku Canada, anachita chimodzimodzi. Ambiri a iwo anathawira kunja, ena anafera komweko. Koma tiki imene anaitsutsa inachotsedwa, ndipo ine ndiyesa kuti Ngwazi Banda, imene sinkakonda kubwerera m'mbuyo pa chilichonse, inazindikira kuti kulimbana ndi nduna n'kotheka, koma kulimbana ndi amayi onse obereka ana odwala kumbuyo n'kosatheka. Maboma onse otsatira, ngakhale alangizi a chuma akhala akuwanong'oneza za malipiro, angofika potsegula mawodi olipira m'zipatala zazikulu, khomo la anthu wamba osalikhudza.

Tisanyengedwe, komabe, ndi mawu akuti ulere. Zipatala za mishoni, zimene zinapanga bungwe lawo mu 1966, limene lero litchedwa CHAM, zimasamala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko, makamaka kumidzi kumene boma silinamange, ndipo izo zimalipiritsa. Ena a pa ntchito ya malipiro a pamwezi ali ndi khadi la inshulansi ya zaumoyo ya MASM, koma wosowa ntchito amasankha pakati pa kugulitsa mbuzi ndi kuyenda mtunda wautali kupita ku chipatala cha boma, kumene angathe kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase. Kuyambira 2006 boma lakhala likupangana ndi zipatala zambiri za CHAM kuti lizilipirira amayi oyembekezera, ndipo kwina ana aang'ono omwe. Chotero m'mudzi woyandikana ndi mishoni mayi angathe kuchira osalipira kanthu, pamene mwamuna wake, akathyoka mwendo m'munda, amayamba waitanitsa abale kuti asonkhe.