Shuga, Swaumu ndi Chiwongolero pa Msewu wa ku Namwera

Makolo athu akamapita ku Fort Johnston, dzina lakale la boma la Mangochi lomwe lidakhazikitsidwa mu 1891, ankayenda wapansi kapena pabwato. Munthu wosala akamva chizungulire ankakhala pansi pa mtengo, mphepo ya kunyanja imupite, kenako n'kupitiriza ulendo. Lero mdzukulu wake akuyendetsa minibasi yodzaza anthu, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri a ku Namwera mpaka ku Chiponde. Iyeyu akafooka ali pa chiwongolero, miyoyo ya anthu onse omwe wanyamula imakhala pachiswe.

Matenda a shuga ndi akale. Ibn Sina adawafotokoza m'buku lake la zachipatala la Al-Qanun, lomwe adamaliza mu 1025, koma mankhwala enieni kunalibe. Mu 1921 Frederick Banting ndi Charles Best adapeza insulin ku Toronto, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, adakhala woyamba kuthandizidwa nayo. Pambuyo pake kudabwera mapilitsi monga glibenclamide, omwe zipatala zathu zimapereka. Mankhwalawa apulumutsa anthu ambiri, koma ali ndi vuto lake: amapitiriza kutsitsa shuga ngakhale m'mimba muli mopanda kanthu. Shuga akatsika kwambiri ubongo umasowa chakudya. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mtima umathamanga, maso amachita mdima, ndipo ena amakomoka.

Asilamu odwala shuga adasala zaka zambiri popanda chiwerengero chosonyeza kukula kwa ngoziyi. Mu 2004 mudatuluka zotsatira za kafukufuku wa EPIDIAR, yemwe adaona odwala oposa 12,000 m'mayiko 13. Adapeza kuti mwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri, womwe ngofala mwa akuluakulu, kutsika koopsa kwa shuga kudachuluka kuposa kasanu ndi kawiri m'mwezi wa Ramadhan. Mu 2009 masheikh a International Islamic Fiqh Academy adakumana ku Sharjah, ndipo atamva za madokotala adagamula kuti odwala omwe ali pachiopsezo chachikulu asasale. Chigamulochi chidatsamira pa chilolezo chomwe Surat Al-Baqarah imapereka kwa wodwala ndi wapaulendo. Mu 2016 bungwe la International Diabetes Federation pamodzi ndi Diabetes and Ramadan International Alliance adatulutsa malangizo akuti shuga akatsika kuchepera 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, munthu amasule nthawi yomweyo, ndipo kuti kuyeza magazi a pachala sikuononga swaumu.

Nkhaniyi ndi yathunso. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti Amalawi 5.6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi shuga. Ena mwa iwo ndi madalaivala a minibasi, a malole ndi anyamata a kabaza.

Ku Britain, komwe nkhani ya shuga ndi kuyendetsa galimoto idalowa m'malamulo a laisensi, wobaya insulin amayeza asananyamuke komanso pakatha maola awiri alionse. Shuga akakhala 5 kapena kucheperapo amayamba wadya. Akatsika ali paulendo amaimika galimoto, kuzimitsa injini, kumwa chotsekemera, n'kudikira mphindi 45 shuga atabwerera m'malo mwake.

Abale ndi alongo, izi tingathe kuchita. Pitani kuchipatala Ramadhan isanayambe kuti akuuzeni ngati mungasale ndi momwe mankhwala asinthidwire, musasinthe nokha. Daku musamulumphe. Samalani kwambiri nthawi ya pakati pa Asr ndi Maghrib, pomwe thupi latha mphamvu ndipo aliyense akuthamangira futari. M'galimoto musungemo tende, maswiti kapena Sobo wosungunula, ndipo kondakitala wanu adziwe za matenda anu ndi zizindikiro zake.

Dalaivala akaima m'mbali mwa msewu n'kumwa madzi a shuga dzuwa lisanalowe, tisamuseke kapena kumunena kuti Chisilamu chake n'chofooka. Tsiku lomwe wamasulalo adzalibweza akapeza bwino, ndipo anthu omwe adawanyamula akafika kwawo n'kukadya futari ndi ana awo.