Derivada ndi liwiro: mawu a masamu ku Chiuaula

Mwana wa sekondale wa ku Chiuaula, mumzinda wa Lichinga m'chigawo cha Niassa, amasunga makope awiri. M'kope la masamu muli mawu akuti limite ndi derivada. M'kope la fiziki muli velocidade ndi aceleração. Zonsezi amaziphunzira m'Chipwitikizi, pa maola osiyana, ndipo ambiri amamaliza kalasi ya 12 osadziwa kuti mawuwa ndi a bere limodzi.

Tiyambe ndi chapa, minibasi yotsika kuchoka ku Lichinga kupita ku Metangula. Mukagawa mtunda wonse ndi nthawi yonse ya ulendo, mwapeza velocidade média, liwiro la ulendo wonse. Koma kamuvi ka patsogolo pa dalaivala kamanena zina: kamasonyeza liwiro la pa kamphindi komweko, lomwe buku limalitcha velocidade instantânea. Nanga liwiro la pa kamphindi kosatalika n'komwe mungaliwerengere bwanji? Apa ndi pamene limite amagwira ntchito.

Taonani mwala wogwa kuchokera pamwamba, titaiwalako za mphepo. Mtunda umene wagwa ndi s = 4,9t², mamita pa masekondi t. Pakati pa sekondi 3 ndi 3,1 liwiro lake ndi mamita 29,89 pa sekondi. Chepetsani mpatawo, pakati pa 3 ndi 3,01, mupeza 29,449. Mukamauchepetsabe, nambala ikumka iyandikira 29,4. Nambala yoyandikiridwayo ndiye limite, ndipo limite wa mtundu umenewu ndiye derivada. Lamulo limene ana amaloweza limangodula njira: derivada ya 4,9t² ndi 9,8t, ndipo 9,8 kuchulukitsa ndi 3 ndi 29,4 yomweyo. Pezaninso derivada ya 9,8t, mutsala ndi 9,8, aceleração ija mphunzitsi wa fiziki amailemba ndi chilembo g.

Isaac Newton anafika pa masamu amenewa akulingalira za zinthu zoyenda. Chizindikiro cha derivada, dy/dx, n'cha Gottfried Leibniz, amene anasindikiza njira yake mu 1684.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu ena, resolução, yankho lolembedwa sitepe ndi sitepe. Ku fiziki ana amazolowera kuyala dados, kenaka fórmula, kenaka resolução, ndipo dongosololi ndi labwino chifukwa limakakamiza mwana kulekanitsa zimene wapatsidwa ndi zimene akufunsidwa. Vuto limabwera mayeso akayandikira, pamene mapepala a mayankho a zaka zam'mbuyo amayenda m'mafoni ndi kwa explicador, mphunzitsi wapadera wa kunja kwa sukulu. Mwana amakopera mzere ndi mzere mpaka dzanja kuzolowera, koma mukangosintha t kukhala x, kapena mwala kukhala njinga, amangoti kakasi.

Ndikadakonda mphunzitsi aliyense wa ku Niassa akadamaimitsa mwana asanatseke kope, n'kumuuza kuti afotokoze m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chimakhuwa kuti 29,4 ameneyu ndi chiyani, ndiponso chifukwa chake akulembedwa ndi m/s pomwe 9,8 akulembedwa ndi m/s².