Kanema wosayankhula wa kale ku Mulanje

Adzukulu, kanema amene tinayamba kuonera kuno sankayankhula. Ankabwera pagalimoto m'chilimwe, misewu itauma. Obwera naye ankapachika chinsalu choyera pabwalo, kuliza injini ya magetsi, n'kudikira mdima. Othyola tiyi, ambiri mwa iwo Alomwe amene makolo awo anaoloka mtsinje wa Ruo kuthawa Apwitikizi, akangoweruka ankakhamukira komweko ana ali kumsana.

Makanemawo ankachokera ku Salisbury, komwe lero mumati Harare, ku bungwe la Central African Film Unit limene linayamba mu 1948. Mmodzi mwa owajambula anali Mngelezi wachinyamata, Stephen Peet. Zonse pachinsalu zinkayenda pang'onopang'ono. Munthu akanyamula khasu, timamuperekeza ndi maso mpaka kumunda, chifukwa azungu ambiri ankati wakuda sangatsate nkhani chithunzi chikadumpha. Kumeneko kunali kutipeputsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Nkhani yake inali imodzimodzi, monga ya mu kanema wotchedwa The Two Farmers: mlimi womvera alangizi akolola zambiri, mnzake wamakani agona ndi njala.

Amene ankapatsa kanemayo moyo anali mnzathu wakuda, womasulira. Ankaima pambali pa chinsalu n'kuyankhulira aliyense m'Chinyanja. Nkhalamba ikaonekera ankanjenjemeretsa mawu, mayi akakwiya iye n'kulalata ndi mawu achikazi, mwambi akuponyamo apa ndi apo. Akapeza waluso, bwalo lonse linkagwa ndi phwete. Ambirife tinkakonda mlimi wamakani uja. Masiku amenewo anali a malimidwe, munthu ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa chosaunda mizere momwe boma linkafunira, ndiye wokana mlangizi pachinsalu tinkamuona ngati mbale wathu.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953, makanema aja anayamba kutamanda boma limene ife tinkalikana, anthu n'kusiya kuwakhulupirira. Chitaganyacho chinatha mu 1963.

Peet anabwerera kwawo, ndipo kuyambira 1969 ankapanga pulogalamu ya BBC yotchedwa Yesterday's Witness, mmene okalamba wamba ankafotokoza ndi pakamwa pawo zimene anaona kalekale. Pamenepo ndimamupatsa ulemu. Koma omasulira athu aja, amene ankayankhula mpaka mawu kusasa, anamwalira popanda wowajambula, ndipo luso lawo latsala m'mitu mwa ife ochepa amene tinawamva.