Mango a M'mabwalo a ku Chilenje

Mu 1931 pulofesa Stanley Adshead wa ku London anajambula pulani ya likulu latsopano la Northern Rhodesia, ndipo m'maganizo mwake unali mzinda wa mitengo ndi maluwa. Boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka mu 1935. Koma mabwalo otakasuka a mzindawo anagwera azungu a kumayadi, mbali imene pambuyo pake kunakula Woodlands ndi Kabulonga. Munthu wakuda ankayesedwa wodzangogwira ntchito, wobwerera kumudzi ikatha. Ku Kabwata anamumangira tinyumba tozungulira ta udzu, ndipo tina tilipobe. Ndani akanadzala mtengo pakhomo pomwe sakudziwa ngati chaka chamawa chidzamupezapo?

Nawonso a kumayadi nyengo inkawakaniza zina. Pulamu wobiriwira wa greengage, amene Sir William Gage anamutenga ku France kupita naye ku England m'zaka za m'ma 1700, sachita maluwa bwino asanagone m'chisanu chachitali. Lusaka ali pamtunda wa mamita opitirira 1,200, mu Juni ndi Julayi kumazizira ndithu, koma kwa mtengo wotere kuzizirako n'kwamasewera. Ngakhale ku Malawi mapichesi amakonda kumapiri a Dedza ndi Ntcheu.

Zinthu zinatembenuka ndi lamulo la nyumba la mu 1948, limene linavomereza kuti wantchito wakuda azikhala m'tauni ndi mkazi ndi ana. Chilenje ndi Matero zinakula kuyambira pamenepo: nyumba zazing'ono za khonsolo, iliyonse ndi kabwalo kake. Nyumba nambala 394 ya ku Chilenje, momwe a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962, ndi imodzi mwa izo. Banja likakhazikika, mayi amafuna mthunzi wophikirapo, ana amafuna chotolera. Choncho anthu anadzala zimene dothi linalola: mango, magwafa, mapapaya, malubeni ndi kotapela.

Kadzalidwe kake sikanachokere m'buku. Munthu ankadya bango lokoma kwa mbale wake, n'kusunga njere, n'kuikwirira kuseri kwa nyumba mvula ikayamba. Vuto linali pokumba dzenje, poti pansi pa Lusaka pali thanthwe la laimu, ndipo malo ena khasu limagunda mwala dzenje lisanafike m'bondo. M'chilimwe kamtengo kankamwa madzi otsukira mbale. Chiswe chikabwera ankathira phulusa patsinde. Kenaka kudikira, chifukwa mango ochokera ku njere amatenga zaka zisanu kapena kuposa asanabale, pomwe omezanitsa a masiku ano amafulumira. Kudzala mtengo wotere panyumba ya lendi kunali kulimba mtima. Kunali kuuza khonsolo kuti pano sitichokapo.

Mu 1996 boma la a Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, zambiri pamtengo wotsika kwambiri. Wina angayembekeze kuti eni nyumba atsopano anadzala mitengo yochuluka, koma m'mabwalo ambiri sizinatero. Bwalo linasanduka ndalama. Mipanda ya maluwa inalowedwa m'malo ndi makoma a mabuloko, kuseri kunamera zipinda zochititsa lendi, kutsogolo kashopu kapena saluni, ndipo mango aakulu a agogo, amene mizu yake imang'amba maziko, anali oyamba kulawa nkhwangwa. Amene anatsala amabalabe kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndipo nthambi zodutsa pamwamba pa khoma zimayambanitsa anansi pa funso lakuti bango logwera kutsidya ndi la yani.