Galimoto yakale ku Chigwa cha Shire: zokonza zotchipa ndi zomwe simuyenera kuumira

Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zipangizo za galimoto ku Limbe ndi yoliza. Ambirife tikungosamala ma Sienta, Probox ndi Vitz omwe anabwera kuchokera ku Japan atatopa kale. Ndiye kuno ku Chikwawa ndi Nsanje galimoto ili ndi adani akeake: kutentha, madzi amchere, fumbi, zitunda za ku Thabwa ndi madzi osefukira. Mfundo yanga ndi imodzi: zambiri zomwe zimapha injini kuno zimapeweka ndi ndalama yosafika pa mtengo wa tayala limodzi.

Rediyeta

Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu ndi ku Nsanje kumatentha kupitirira madigiri 40, choncho yambani ndi rediyeta. Madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere. Mcherewo umadya chitsulo n'kutseka timipata ta mkati, ndiye osathira amenewo chonde. Gulani coolant. Ikasowa, bola madzi a batire aja kapena amvula osefa bwino.

Onaninso chitsekerero cha rediyeta. Labala wake akang'ambika, presha imathawa ndipo madzi amawira msanga. Ndi kachinthu kotchipa, bola mugule ka nambala yofanana ndi kakaleko, kaya 0.9 kaya 1.1. Kunja kwa rediyeta kumatsekekanso ndi udzu, tizilombo ndi phulusa la nzimbe, makamaka cha ku Nchalo. Tsukani ndi madzi oyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali ya injini, itazizira.

Amakaniko ena amati chotsani thermostat, ena amati thirani dzira kapena ufa kuti kudontha kuleke. Ine sindivomereza. Yopanda thermostat imamwa mafuta ambiri, pomwe dziralo limakatseka ndi malo abwinobwino omwe.

Zitunda za ku Thabwa

Pokwera kupita ku Blantyre, muvi wa kutentha ukayamba kukwera, zimitsani AC, tsegulani mawindo, yatsani heater mpaka kumapeto. Muvutika ndi thukuta, koma heater imakoka kutentha kwa injini. Muvi ukapanda kutsika, imani pabwino. Musatsegule rediyeta isanathe mphindi 30, nthunzi yake imasupula khungu.

Potsika, musamangoponda mabuleki njira yonse. Amatentha n'kusiya kugwira. Ikani giya 2, kapena L ngati ndi automatic, injini izikugwirirani. Izi ndi zaulere aise. Brake fluid nayo imayamwa chinyezi, muzisintha pakatha zaka ziwiri.

Batire, fumbi ndi nyale

Kutentha kumaumitsa madzi a batire. Ngati lanu ndi lotsegula pamwamba, muziyang'ana mwezi uliwonse ndi kuthira madzi a batire okha, osati asidi. Zoyerayera zomera pa mitu yake zimachoka ndi soda wophikira ndi madzi ofunda. Mukapukuta, pakani Vaseline pang'ono. Nthawi zambiri galimoto "yokana kulira" imakhala yangomasuka waya pamenepa basi.

Ngati mumayenda misewu yafumbi, chotsani air filter sabata ziwiri zilizonse, muigogode pang'ono. Yapepala sachapa ndi madzi. Ikang'ambika gulani ina, chifukwa fumbi likalowa mu injini limapala ngati sandipepa.

Nyale zachikasu zija zimayera mukazikwecha ndi Colgate ndi kansalu. Sizikhalitsa, koma usiku muona anthu a njinga pa M1 muli patali.

Matayala a kaunjika

Mapanga okha asakunamizeni. Pambali pa tayala pali mawu oti DOT, ndipo manambala anayi omalizira ndi tsiku lobadwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23, chaka cha 2018. Lopitirira zaka sikisi, kapena la ming'alu m'mbali, lisiyeni. Phula lotentha la pakati pa Nchalo ndi Bangula silinyengerera labala wokalamba. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, mlingo wake unalembedwa pa chitseko cha dalaivala.

Madzi osefukira

Namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anatiphunzitsa kuti M1 imatha kusanduka mtsinje. Madzi akafika pakati pa tayala, kapena akuthamanga, bwererani. Galimoto ikazimira m'madzi, musalizenso. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye akalowa mu silinda amapinda zitsulo za mkati, injini yonse n'kuthera pomwepo. Ikokeni, makaniko achotse mapulagi kuti madzi atuluke, asinthe oyilo ndi filter. Oyilo akamaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi.

Apa pokha osaumira

Mabuleki, matayala, zitsulo za chiwongolero ndi mapaipi a mafuta si zomanga ndi waya kapena mphira. Sopo pa thanki yodontha ndi wongokufikitsani kugalaja, osati woyendera mwezi. Ndipo ngati mumanyamula anthu pa Nchalo kapena pa Bangula, kumbukirani kuti omwe akhala kumbuyoko sanaone zomwe mwamangamanga pansipo. Angokukhulupirirani.