Scrambler: njinga ya m'tauni yovala za kutchire

Pali mtundu wina wa njinga zamoto umene ukuyenda malonda kwabasi ku Ulaya, ku America ndi ku India masiku ano. Mukaiona itaima mungalumbire kuti yangotuluka kumene m'tchire. Matayala ake ndi a mano akuluakulu, mawilo ndi a masipoko, mahandulo ndi otambalala ngati nyanga za ng'ombe, nyali ndi imodzi yobulungira yachikale, ndipo paipi ya utsi, m'malo modzera kunsi monga tidazolowerera, idakwezedwa n'kudutsa m'mbali pafupi ndi ntchafu ya woyendetsa. Eni ake amaitcha scrambler. Chodabwitsa n'chakuti njingayi idapangidwira msewu wa tala, ndipo ambiri oigula saifikitsa n'komwe pamatope. Amaitulutsa Loweruka, kuzungulira nayo m'tauni, kuiimika pakhomo pa malo omwera khofi, madzulo n'kuipukuta.

Sindikufuna kuwaseka anthuwa, poti ndalama n'zawo. Chimene chimandikoka ine n'chakuti chiwalo chilichonse chimene lero n'chokongoletsera chidali ndi ntchito yake kale, ndipo amene adachiyamba sankaganizako za kukongola. Adali anthu ofuna kudutsa pamene panalibe msewu, koma chimene adali nacho m'manja idali njinga yapamsewu basi.

Nkhaniyi idayambira ku Britain. Njinga zamoto zitayamba kuchuluka, makalabu a okwera ankachititsa mipikisano yoyesa kulimba kwa njinga m'mapiri ndi m'timitsinje. Ku Scotland mpikisano wotere udayamba m'chaka cha 1909, ndipo mu 1914 Alfred Scott, mwini kampani yopanga njinga ku Yorkshire, adayambitsa wake. M'mipikisano imeneyi munkakhala oyang'anira m'malo ovuta, amene ankakulemba ukatsitsa phazi pansi. Mu 1924 kalabu ya ku Camberley, kum'mwera chakumadzulo kwa London, idafuna mpikisano wakewake, koma idachotsamo oyang'anirawo ndi zolembalemba zawo. Wopambana ndi amene wafika msanga, kwatha. Poti sudalinso mpikisano wa malamulo akale, padafunika dzina lina, ndipo adautcha scramble. Mawuwa pa Chingerezi amanena za kukwera chitunda chokwawa, manja ndi miyendo yomwe, kapenanso kulimbirana chinthu mwachipwirikiti monga amachitira ana ukawamwazira maswiti.

Nthawi imeneyo kunalibe sitolo yogulitsa njinga za m'tchire. Munthu ankabwera ndi njinga yomwe ija amapitira kuntchito, kumasula nyali ndi zina zolemetsa, kulowa m'matope, ndipo ngati njingayo yapulumuka ankabwezeretsa zonse n'kuyamba ulendo wakwawo. Pang'ono ndi pang'ono okwera adaphunzira zoyenera kusintha. Paipi yodzera kunsi imaphwanyika pamwala ndipo imamwa madzi powoloka mtsinje, choncho adaikweza. Madigadi yoyandikana ndi tayala imadzaza matope mpaka wilo kuleka kuzungulira, choncho adaitalikitsa ndi tayala. Mahandulo aafupi amakulanda mphamvu njinga ikamaterereka, ndiye adawatambalitsa. Masipoko nawo adatsala chifukwa wilo la masipoko likagunda mwala limapindika osati kusweka, ndipo mmisiri aliyense wa njinga, ngakhale wa pansi pa mtengo wa mango, amadziwa kuliwongola.

Masewerawa adawolokera ku France ndi ku Belgium, kumene adatenga dzina loti motocross. Mu 1947 ku Netherlands kudachitika mpikisano woyamba wa matimu a mayiko, ndipo adapambana ndi Angerezi. Pofika m'ma 1960 wailesi ya kanema ya BBC inkaonetsa mipikisanoyi Loweruka masana m'nyengo yozizira, ndipo Jeff Smith adakhala katswiri wa dziko lonse mu 1964 ndi 1965 ali pa njinga ya BSA.

Komabe maonekedwe amene akugulitsidwa lerowa, ngakhale njinga zake zidali za ku England, adakhwimira ku California. Nkhondo yachiwiri itatha, Britain idali pa ngongole yoopsa ndipo inkasowa madola, motero makampani ngati Triumph ndi BSA ankatumiza njinga zambiri ku America. Kumeneko achinyamata a ku Los Angeles adali ndi chipululu cha Mojave pakhomo. Lamulungu m'mawa ankafola mzere umodzi wautali, anthu mazanamazana, kutsogolo kutali kukufuka utsi wosonyeza kolowera, ndipo mbendera ikatsika onse ankaliza injini nthawi imodzi n'kulowa m'fumbi. Triumph idawapangira njinga ya TR6 Trophy mu 1956, ya injini ya 650cc, ndipo iwo adaiwonjezera zawo: chishalo chokhuthala, zosefera mpweya zazikulu chifukwa cha mchenga, ndi chitsulo chochindikala kunsi kwa injini. Chitsulochi chinkakhwekhwereza pamiyala ngati chileyi chokokedwa ndi ng'ombe, ndipo n'chifukwa chake njingazi adazitcha desert sled, kunena kuti chileyi cha m'chipululu.

Mpikisano wotchuka kwambiri unkatchedwa Big Bear Run. Bud Ekins, amene adali ndi sitolo ya njinga za Triumph m'dera la Los Angeles, adaupambana katatu m'ma 1950. Mu 1960 adanyamuka anthu oposa 700, amene adafika sadakwane 200, ndipo woyamba adali mnyamata wa zaka 16, Eddie Mulder, pa njinga ya Royal Enfield.

Ku sitolo ya Ekins n'kumene kudabwera kasitomala wina wochita mafilimu, Steve McQueen, ndipo awiriwa adakhala pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Apa ndipo pagona nkhani. Mu filimu ya The Great Escape ya 1963, McQueen ndi mkaidi wa pankhondo amene akuthawa asilikali a Germany pa njinga yamoto, n'kulumpha mpanda wa waya waminga. Chithunzi chimenechi chagulitsa njinga zambiri kuposa wamalonda wina aliyense amene ndikumudziwa. Koma amene adalumpha mpandawo sadali McQueen, adali Ekins, poti eni filimu sadafune kuika pachiswe khosi la katswiri wawo. Njinganso sidali ya asilikali a Germany. Idali Triumph TR6 yopakidwa penti kuti izioneka ngati yankhondo. Taonani, chithunzi chimene chidabala kutchuka kwa scrambler nachonso chidali cha njinga yovala zovala za mnzake.

Tisamunyoze McQueen, amangwetu, njinga ankaidziwa. Mu 1964 adali m'timu ya America pa mpikisano wa masiku asanu ndi limodzi wa International Six Days Trial ku Erfurt, m'dziko limene panthawiyo linali East Germany. Iye sadamalize chifukwa adachita ngozi, Bud Ekins adathyoka mwendo, koma mng'ono wake Dave Ekins ndi Cliff Coleman adabwerako ndi mamendulo a golide.

Dave Ekins yemweyu ali ndi mbali inanso m'mbiriyi. Mu 1962 kampani ya Honda idatulutsa njinga ya CL72 Scrambler ya 250cc, ndipo pofuna kuonetsa kuti njinga ya ku Japan si chidole, idatuma iye ndi Bill Robertson Jr. kuti adutse chigawo cha Baja ku Mexico, kuchokera ku Tijuana mpaka ku La Paz. Ndi mtunda wa makilomita oposa 1,500, wambiri mwa iwo wopanda tala. Adadinditsa nthawi yonyamukira ku ofesi ya telegalamu, n'kukadinditsanso kumene adafikira, ndipo Ekins adatenga maola osakwana 40. Ulendowu ndiwo udatsegula njira ya mpikisano umene udayamba mu 1967 ndipo lero umadziwika kuti Baja 1000. Chaka chomwecho cha 1962 nayo Ducati ya ku Italy idayamba kupanga Scrambler yake, atawapempha abale a banja la Berliner amene ankagulitsa njinga zawo ku America. Apa scrambler idasiya kukhala chinthu chosula wekha kuseri kwa nyumba, idasanduka katundu wa m'sitolo. Ndipo ngakhale panthawiyo, njinga zambiri za Honda za mtundu wa CL zidali zapamsewu ndithu, zongokwezedwa paipi.

Chidapha scrambler ndi njinga yeniyeni ya m'tchire. Triumph ya m'chipululu inkalemera makilogalamu oposa 160. Makampani ngati Husqvarna ya ku Sweden ndi CZ ya ku Czechoslovakia adabwera ndi njinga zopepuka za injini ya two-stroke, zija zotentha oyilo pamodzi ndi petulo n'kumatulutsa utsi wabuluu, zolemera makilogalamu 100 kapena kuposerapo pang'ono. Mu 1966 Torsten Hallman wa ku Sweden adapita ku America ndi Husqvarna yake n'kugonjetsa eni dziko pabwalo lawo lomwe. Mu 1968 Yamaha idatulutsa DT-1, njinga ya 250cc yotsika mtengo, yokhala ndi nyali ndi nambala, imene munthu ankatha kupita nayo kuntchito n'kukwera nayo phiri osamasula kanthu. Paja amati tsabola wakale sawawa. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1970 mashoko a njinga za mpikisano adatalika kwambiri, Ducati idasiya Scrambler yake, BSA idali itagwa, ndipo fakitale ya Triumph ku Meriden, imene ogwira ntchito adailanda n'kumaiyendetsa okha, idatsekedwa mu 1983.

Mbumba ya DT ija ife kuno timaidziwa bwino. Amene adakulira kumudzi akukumbukira kulira kwa Yamaha DT 125 ya alangizi a zaulimi kapena ya a zaumoyo ikutsetsereka kudambo, ana akuithamangira pambuyo. Kuno scrambler sitidaione kwenikweni, tidalandira mdzukulu wa njinga imene idailanda ufumu.

Dzina la Triumph adaligula John Bloor, munthu amene adalemera ndi ntchito yomanga nyumba zogulitsa, ndipo adamanga fakitale yatsopano ku Hinckley. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000 adaukitsa Bonneville, njinga yatsopano ya nkhope yakale, ndipo mu 2006 adaikweza mapaipi awiri kudzanja lamanja, kuiveka matayala a mano, n'kuitcha Scrambler. Ogula ambiri adali aja adaonera McQueen ali anyamata, tsopano ali ndi imvi ndi ndalama. Ducati idatsatira: idaonetsa Scrambler yatsopano ya 803cc mu 2014, ndipo mu 2015 mokha idagulitsa pafupifupi 16,000, kuposa njinga ina iliyonse ya kampaniyo chaka chimenecho. BMW idalowa m'bwalo mu 2016, Honda idabweza dzina la CL mu 2023, ndipo mu 2024 Royal Enfield, imene tsopano ndi kampani ya ku India, idatulutsa Bear 650 pokumbukira chipambano cha mnyamata Mulder uja.

Tsono tiyeni tiiyang'anitsitse njinga yatsopanoyi, poti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Scrambler ya Triumph ya 2006 inkalemera makilogalamu oposa 200 isanathiridwe mafuta, kuposa agogo ake a m'chipululu, pafupifupi kuwirikiza DT ya alangizi. Mashoko ake akutsogolo ankayenda masentimita 12 okha, amene amakwanira pa msewu wa fumbi wosalazidwa bwino koma osati pa ngalande zokumbidwa ndi mvula. Malamulo a utsi atakhwima, kampaniyo idasiya kabuleta n'kuika makina opopera mafuta oyendetsedwa ndi kompyuta, koma makinawo adawaumba kuti azioneka ngati kabuleta, mwini njinga asakhumudwe akawerama. Kenaka injini idayamba kuziziritsidwa ndi madzi, koma timizere tachitsulo tija tozizirira ndi mphepo adatisiya pomwepo kuti nkhope isasinthe. Zambiri mwa njinga za Chingerezi zimenezi amazipangira ku Thailand. Ine sindiona bodza lalikulu pamenepa, chifukwa njingazi n'zabwino pa ntchito yake: umakhala mowongoka, umaona patali, ndipo maenje a mumsewu wa m'tauni sakugwedeza ngati mmene ichitira njinga ya liwiro. Bodza limayamba pamene wogulitsa akukuonetsa chithunzi cha chipululu, iwe n'kukhulupirira kuti mano a tayala ndiwo amakwera phiri.

Chilungamo chake, ena adamva manyazi. Mu 2017 Ducati idatulutsa mtundu wa mashoko aatali n'kuutcha Desert Sled, ndipo Triumph Scrambler 1200 XE ya 2019 idabwera ndi mashoko a masentimita 25 ndi wilo lakutsogolo la mainchesi 21, ngati njinga yeniyeni ya m'tchire. Chaka chomwecho Ernie Vigil adamaliza nayo mpikisano wa Mexican 1000 ku Baja komwe kuja. Koma imeneyi ndi yaitali, yolemera ndi yodula, moti munthu wamfupi amachita kuyang'ana mwala woti apondepo asanaime.

Pali ulusi umodzi umene umalumikiza nkhaniyi ndi misewu yathu lero. Scrambler yaing'ono ya Triumph, ya 400 X, imene idatuluka mu 2023, amaipanga mogwirizana ndi kampani ya Bajaj kufupi ndi mzinda wa Pune ku India. Bajaj yomweyo ndiyo imapanga Boxer, njinga imene anyamata a kabaza amaikonda m'mayiko ambiri a mu Africa muno. Boxer ndi njinga yapamsewu, yopanda mbiri ya mafilimu, koma tsiku lililonse imadutsa m'matope ndi m'mchenga itasenza munthu, thumba la chimanga ndi nkhuku zolendewera, ndipo eni ake amailimbitsa keliyala kwa owotcherera kuti igwirizane ndi njira za kwawo. Paipi yake idatsala kunsi, ndipo sindikhulupirira kuti alipo wa kabaza amene angafune kuikweza, chifukwa pamene imadutsa paipi ya scrambler m'pamene pamakhala mwendo wa kasitomala.